Namfedwa sauzidwa kuti aseketse anthu

"Khalani pansi, bambo! Kuno si kumpira!"

Anandikalipira choncho ndi mzungu wina wa dazi, Loweruka masana, muholo ina ku Manchester. Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe, koma mayi a kunyumba anandikoka jekete mpaka batani linathothoka.

Ndiyambe bwino. Gogo wina amene ndimamusamalira kuntchito, kunyumba ya okalamba ku Salford, anatipatsa matikiti a opera, masewero aja anthu amaimba chilichonse, ngakhale kupempha madzi akumwa. Sewero lisanayambe, mayi wina anabwera kutsogolo kudzafotokoza mbiri yake. Akuti ndi la nthabwala, analemba ndi katswiri wina wa ku Italy asanatchuke, ndipo lero olidziwa ndi ochepa. Akuti mkuluyo ankalilemba ataika m'manda ana ake awiri, kenako mkazi wake. Anapempha kuti amumasule, eni ntchito anakana. Tsiku loyamba kulionetsa, anthu anamukuwiza.

Muholo anthu anangopukusa mitu mwaulemu. Ine ayi. Ndinangozindikira ndaimirira, ndikukuwa kuti, "Nkhanza zimenezo!"

Tandiuzani, abale. Namfedwa n'kumuuza kuti aseketse anthu? Kwathu ku Ntcheu namfedwa sagwira ngakhale khasu. Timamuphikira, timamutungira madzi, timagona naye pasiwa. Sewerolo ndinalionera mpaka kumapeto, koma dzino silinaoneke.

Mu thiramu, kasitima ka mumsewu, pobwerera ndinali ndikutokotabe. Mayi a kunyumba anandisiya ndimalize.

"Bambo a Mada, mukukalipira azungu oti anawola kalekale. Nanga Chisomo?"

Chisomo ndi mtsikana wa kutchalitchi kwathu, ndipo timagwira ntchito malo amodzi. Mayi ake anamwalira Lachiwiri ku Balaka. Tonse tinamulembera "pepani" pa gulu la pafoni, ndi tizithunzi ta manja opemphera. M'mawa mwake anali pantchito, akuwomba m'manja, akuvinitsa agogo, poti ndiye amatsogolera nyimbo. Maso ali psuu. Tchuthi sanapemphe. Viza yake inamangiriridwa pa ntchitoyo, ndiye amaopa kuoneka wovuta.

Zimene ndinakuwira muholo zija zikuchitika pamphuno pathu, ndipo palibe waimirira.

Tafika pamenepa ife? Maliro n'kulirana, anatero akuluakulu. Kodi mawu amenewa tinawasiya pabwalo la ndege? Paukwati timadzaza basi mpaka ku Bradford, shifiti timasinthana bwinobwino. Pamaliro aliyense akuti "ndili bize". Ndipo musathamangire kuloza mabwana. Ambiri sadziwa n'komwe, chifukwa mwana wamantha sanena. Odziwa ndife.

Lamulungu m'mawa kutchalitchi sindinapite. Mayi a kunyumba anamanga chitenje, natenga azimayi anzawo kukakhala ndi Chisomo kunyumba kwake. Ine ndinavala yunifolomu, tsiku langa lopuma, n'kukagogoda kwa abwana.

"Chisomo sabwera. Mayi ake amwalira. Shifiti yake ndigwira ine."

Abwanawo anagwira pakamwa. "Bwanji sananene? Apume ndithu. Koma nyimbo atsogolera ndani?"

Ndinatsogolera ine, ndi mawu anga a geti la dzimbiriwa. Gogo wa matikiti uja anatseka makutu, n'kukuwa kuti ndikhale pansi.

Ulendo uno sindinakhale.