Mlandu umene ndinavomera kuti mwana adye

Ndinakwatiwa chitengwa. Kwathu ndi ku Mlonyeni, koma amuna anga ananditengera kwawo, mudzi wina kufupi ndi Kachebere, m'malire mwenimweni. Mkazi wachitengwa ali ngati nkhuku yogula, amayamba aimanga mwendo kuti izolowere pakhomo. Ine chingwe changa chinachedwa kumasulidwa, mwina chifukwa ndine wa mtima wapachala ndipo pakamwa panga sipachedwa kuyankha.

Chaka chimene mwana wathu woyamba, wamkazi, anasiya kuyamwa, bambo ake anapita kukagwira ntchito pa famu ina ku Zambia. Ndinatsala m'manja mwa apongozi anga aakazi. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ndinkalowa m'chigafa dzuwa likutuluka n'kutulukamo litapendeka. Fumbi la fodya limatsokomoletsa mwana, choncho iye ankatsala ndi agogo akewo. Ndisawanamizire, ankamukonda. Ankamuphikira phala la ufa woyera, lamadzimadzi, ati kuti lisamutsamwe. Masana ankamunyenyera nsima mu msuzi, ndiwo zenizenizo n'kupita m'mbale za akuluakulu. Mwana ankakhuta ndithu.

Njala panalibe pakhomo paja, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero. Matumba a mtedza anali m'nyumba mwa apongozi, osokedwa kukamwa, kudikira mwini wake, amuna anga, abwere adzagulitse. Nkhuku zinkaikira, koma mazira anali oti aswe anapiye. Mapapaya ankathera apumbwa.

Kusikelo ku Guilleme alangizi a zaumoyo anali atatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tinkaimba ndi nyimbo yake, manja akulira. Ankati nsima imapatsa mphamvu, koma thupi la mwana limamangidwa ndi mtedza, nyemba, mazira, usipa, pamene masamba ndi zipatso zimamutchinjiriza ku matenda. Phala likhale lamgaiwa, lolimbirako, lothira nsinjiro ndi nkhwani wosinja. Nditazinena kunyumba apongozi anaseka, n'kundiuza kuti iwo anabereka ana asanu ndi atatu popanda kuimbira phala nyimbo. Ine ndi kamwa langali ndinafunsa kuti nanga atatu mwa iwo amene ali kumanda aja ankadya chiyani. Ndimachita nawo manyazi mawu amenewo, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse chochokera kusikelo chinkamveka ngati mwano.

Kutupa kunayambira kumapazi. Ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Tsitsi linafiira n'kuyamba kusosoka, mwana uja wokonda kuthamangitsa anapiye n'kumangokhala pamphasa akulira motsitsa. Ndinazizindikira, poti kusikelo anationetsa chithunzi cha mwana wotero. Ndinati tipite naye kuchipatala.

M'malo mwake apongozi anaitana amayi achikulire a m'mudzi. Anamuyang'ana mwana, n'kuyang'anana okhaokha, n'kunena kuti ndi tsempho. Kwathu kuno mwana akatupa chotero amati kholo lina lagona ndi munthu wapadera, kenako n'kumukhudza mwanayo kapena kuthira mchere m'chakudya chake. Bambo ake anali kutali, sankamukhudza. Wotsala anali ndani? Anandiletsa kuthira mchere, kugwira mphika wa mwana, ngakhale kumubereka, mpaka nditavomera kuti apeze pochitira mankhwala. Za kuchipatala anakaniratu, ati mwana watsempho akabayidwa jakisoni sadzuka.

Ndinalalata, ndinalumbira, ndinalira, koma kukana kwangako kunkangowatsimikizira kuti ndine wouma mtima. Foni ya amuna anga sinkapezeka. Mwana anamusamutsira m'nyumba mwa agogo ake, ndipo pakhonde sipankasowa munthu. Kuthawira kwathu ndekha ndikanatha, koma kumusiya ndi yani? Ndinagwira njakata. Masiku asanu ndi limodzi ndinkakhala pakhonde panga, ndikumva kulira kwake kukucheperachepera, ndikuona kambale ka phala loyera lija kakulowa n'kutuluka kosatha. Ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo. Magulu onse aja ndinkawadziwa pamtima, mtedza uli m'nyumba momwemo mmene munali mwana, koma dzanja langa linali loletsedwa.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinamuona atamutulutsa padzuwa, zikope zitatupa moti maso ankangooneka pang'ono. Ndinapita n'kugwada pamaso pa apongozi.

"Amayi, ndavomera. Ndine ndinamusempha mwanayu."

"Ndi ndani, mtengwa?"

"Wogula mtedza wina wa ku Chipata. Dzina sindinamufunse."

Munthu ameneyo kulibe, ndinamuumba ndili chigwadire pomwepo. Apongozi anagwetsa misozi n'kundigwira dzanja, akuti ndachita bwino, ndapulumutsa mdzukulu wawo. Kukoma mtima kumeneko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Mankhwala anachitika tsiku lomwelo, ndipo atatha anati tsopano jakisoni sangamuphe. M'mawa mwake apongozi omwewo anandiperekeza kuchipatala. Tinagonako masabata awiri, mwana akumwa mkaka wapadera, kenako chiponde. Titabwerera apongozi anatenga mpeni okha n'kudula ulusi wa thumba limodzi la mtedza. Mtima wawo unali utafewa, poti wolakwa anali atapezeka. Ndinasinja nsinjiro, ndinaphika phala lamgaiwa lija, tsiku lina dzira, tsiku lina usipa wopera, papaya ndikupikisana ndi apumbwa. Pofika mvula yoyamba mwana ankathamanga, tsitsi lakuda likumera.

Bambo ake anabwera nthawi yomweyo, ndipo nkhani anaimva asanatule chikwama. Ndinawafotokozera zonse tili awiri kumunda, kuyambira phala loyera mpaka munthu wa ku Chipata amene kulibe. Anamvetsera osandidula, akukumbakumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Ndikufuna ndikukhulupirire, mayi a mwana. Koma ukanakhala kuti unanama, akanachira?"

Sanandisiye ukwati. Tili limodzi mpaka lero, tinaberekanso ana ena awiri, ndipo phala la pakhomo pano ndimaphika ndine. Koma wogula mtedza akafika m'mudzi ndi sikelo yake, ndimalowa m'nyumba popanda wondiuza. Ndayesapo kuwauza anzanga kuchitsime kuti mwana anachira ndi chakudya, iwo amangomwetulira n'kuvomera mwaulemu.

Chaka chatha mwana wa mtengwa wina wa pafupi nafe anatupa mapazi. Ndinasinja nsinjiro, ndinaika m'mbale, ndinapita kuti ndikalankhule naye. Ndinapeza amayi achikulire atamuzungulira kale, iye ali pakati, maso ali ofiira, mwana ali m'manja mwa wina. Amayiwo atandiona anasangalala, mmodzi n'kuyamba kulankhula.

"Eya, afika. Muuzeni mnzanuyu avomere msanga monga munachitira inu. Wanu uja suyo ali kusukulu?"

Mtsikanayo anandiyang'ana. Ndinayang'ana mapazi a mwana wake, ndinadina ndi chala, dzenje linatsala. Kuti ndiwatsutse amayi aja mpaka amve zikanatenga masiku, ndipo mwanayo analibe masiku amenewo. Ndinakhala pansi pafupi naye, mbale ili pamiyendo, n'kumuuza kuti avomere.