Ulendo Wokafuna Manda a Mkulu Wanga

Amayi anali atakalamba kale pamene tinapeza galimoto yowatengera kumunsi kwa mapiri. Kumeneko, pothawa nkhondo, anakwirira mwana wawo woyamba, mkulu wanga amene ine sindinamuone. Chaka ndi chaka ankati adzapita kukazikapo mtanda, koma kuchokera kwathu ku Fonte Boa njinga sikanafikako.

Pa feriya, sukulu imene ndimaphunzitsa itatsekera, alamu anga onyamula mbatatesi ku Domwe anavomera kutiperekeza. Msewu wafumbi unathera pamudzi wina. Tinatsata mkwaso wa ngolo, nawonso n'kuzimirira. Kuyambira apo alamu ankangoyendetsa pamwamba pa matanthwe, galimoto ikupendekera uku ndi uku. Pena ndinkatsika kukagubuduza miyala, pena kuwakodola ndi manja kuti tayala lisagwere mumng'alu. Dziko lake louma gwaa, mitengo yaminga yokhayokha, kutentha ngati m'ng'anjo. Ife a kumtunda tinavula majuzi.

"Ndi pano, amayi?" ankafunsa alamu tikafika pa chimwala chachikulu.

"Pitirirani, bambo. Panali mlambe, ndi mwala wong'ambika pakati."

Milambe inali mbwee, miyala yong'ambika ndiye osanena. Dzuwa litapendeka tinamanga lona kuchokera pagalimoto kukafika pamtengo, n'kuyala mphasa pamchenga. Kunalibe mudzi, ngakhale utsi wa munthu. Tinawotcha mbatatesi, koma amayi anangomwa madzi.

M'mawa ndinawapeza atakhala pathanthwe, mtanda wachitsulo uli pamiyendo. Tinayenda pansi, ine nditawagwira mkono, mwala ndi mwala. Pamalo ena anaima nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Mwana wanga, maso akundinamiza. Kale ndikanakulozera nditatsinzina."

Alamu anati tingozika mtandawo paliponse, Mulungu akudziwa. Amayi anakana.

"Ndiike chizindikiro pa mwana wa eni? Tinalipo ambiri amene tinasiya ana kuno."

Madzi m'zigubu anali pafupi kutha, ndiye tinatembenuka. Pachitunda china mwala wakuthwa unang'amba tayala. Alamu ali kalikiliki pansi pa galimoto, ine ndi amayi tinabisala mumthunzi wa thanthwe, ndipo amayiwo anayamba okha kukamba za mwanayo. Anati anali atangoyamba kuyenda, ankaopa nkhuku, ndipo akafuna bere ankawakoka khutu. Anaseka pokumbukira zimenezi, ine misozi ili chuchuchu. Kunyumba kwathu mwanayo ankangotchulidwa m'mapemphero a akufa. Sindinkadziwa kuti anali kamunthu koseketsa anthu.

Ndinali ndi mafunso ambiri, koma alamu anaitana kuti tikwere, ndipo m'galimoto amayi anagona mpaka ku Lifidzi, kumtunda kwathu. Tinagwirizana zodzabwereranso mvula ikatha, titafunsira kwa ena amene anathawa nawo limodzi. Tinapezako gogo mmodzi yekha, nayenso wosaona. Chilimwe chisanafike, miyendo ya amayi inakana, ndipo sanatulukenso m'mudzi.