Baketi ya Benwell Soko

Benwell Soko si wa kuno kuchigwa. Anabadwira kumtunda, ku Katete, ndipo anatsika chaka chimene ankathira tala mumsewu wochokera ku Chipata kubwera ku Mfuwe. Anayamba ndi kuthira girizi m'makina. Msewu utatha, anzake anabwerera kwawo. Iye anatsala, chifukwa anali ataphunzira kuyendetsa ekisikaveta, chimakina chokumba chija cha mkono wautali, komanso anali atakwatira Delia wa ku Nsefu. Anamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake monga amachitira mkamwini aliyense.

Munda sunali wake. Unali wa apongozi ake, a Esnati. Ana anali a kuchikazi. Ngakhale mango amene anadzala yekha pakhomo, anthu ankati ndi a Delia. Chake Benwell chinali mpando wa m'makina aja basi, ndipo ankausamala kuposa nyumba.

Mwini makinawo anali a Ruben Daka a ku Chipata, munthu wa ekisikaveta imodzi ndi malole awiri. Benwell anawagwirira ntchito zaka leveni. Ankakumba mchenga womangira nyumba, ankatsegula ngalande, ndipo mvula ikatha ankakonza njira zopita kumakampu a alendo cha ku Nkwali.

Mchenga wa kuno umadya chitsulo. Baketi, imene imatapa dothi kumapeto kwa mkono wa makina, ili ndi mlomo wochindikala wokhala ndi mabowo. Pamlomopo amamangirira chitsulo china cholimba ndi mabawuti. Madalaivala amachitcha mpeni. Mpeniwo ndiwo umakumana ndi nthaka, ndipo ntchito yake ndi kutha m'malo mwa baketi. Mbali imodzi ikadyeka, umamasula mabawuti ndi kuutembenuza. Yachiwiri ikadyeka, umautaya ndi kuika watsopano. Ukachedwa, mchenga umafika pamabawuti, kenako pamlomo weniweniwo. Mlomo sutembenuzidwa.

Benwell ankazidziwa zimenezi. M'mawa uliwonse ankayeza mpeni ndi zala, kuchokera pabawuti kufika kunsonga. Zikakwana zala zitatu, ankakumba. Zikatsala ziwiri, ankaimbira foni abwana. Zaka zonsezo baketi inali imodzi yomweyo.

Chaka chatha, kumapeto kwa Sepitembala, mpeni unatsala chala chimodzi, mbali zonse ziwiri zitatha. A Daka anaitanitsa watsopano ku Kitwe. Pafoni anati, “Imika makina, Soko. Usakumbe ngakhale dzenje la chimbudzi mpaka ndibwere.”

Ntchito yomaliza inali pafupi ndi kwawo, choncho Benwell anakaimika makinawo pakhomo pake, pansi pa msikidzi. Aliyense wodutsa ankawaona.

Okutobala atalowa, mjigo wa pamudzi unathyoka. Zitsime zimene amayi amafukula ndi manja mumchenga wa mtsinje wa Msandile zinaphwa. Madzi anali atatsika kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo ukakumba ndi khasu mchenga unkagumukira momwemo. Amayi anayamba kupita ku Luangwa, maola awiri kupita kokha, kumene kuli ng'ona ndi njovu zobwera kudzamwa.

Woyamba kubwera anali Clever, mlongo wake wa Delia.

“Alamu, chinyama chanuchi chikungogona ngati mvuu yokhuta. Chidzutseni chitikumbireko madzi.”

“Mpeni watha, alamu.”

“Watha pati? Ine ndikuuona uwo. Inu a kumtunda, ngakhale khasu mumaliyeza ndi zala musanalime.”

“Abwana anakana.”

“Abwana anuwo amamwa za pampopi ku Chipata.”

Benwell anaseka, nkhani inathera pomwepo. Mlamu ungamukanize uku mukuseka.

Patapita masiku atatu kunabwera a Esnati. Kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi. Mayiwo anafika dzuwa lili pamutu, anakhala pansi chapatali atatembenukira kumbali, ndowa yopanda kanthu ili pamiyendo. Analankhula kwa mwana wawo, Benwell akumva zonse.

“Delia, uwafunse apongozi angawa. Zaka zonsezi akudya za m'munda mwanga, ndinawapemphapo chiyani?”

“Amayi, akuti mpeni uja…”

“Sindinafunse za mpeni. Dzulo mng'ono wako Queen wathamangitsidwa ndi njovu ku Luangwa. Munthu wa pakati, wagwa kawiri, ndowa wataya. Uwauze kuti tsiku limodzi lokha.”

Benwell anali atanyonyomala, maso pansi. Apongozi suwafotokozera za mabawuti. Ukayamba kufotokoza, ndiye kuti wakana, ndipo mudzi wonse umamva kuti mlendo wodya pamudzi wakana madzi. Anawomba m'manja pang'ono.

“Ndamva, amayi.”

Benwell sanawaimbire foni a Daka. M'thanki munali dizilo wotsala, ndipo wina anthu a mpingo anamubweretsa m'zigubu panjinga. Anayamba sikisi koloko m'mawa. Pofika teni, madzi anali atatuluka pansi pa dzenje, amayi akuimba nthungululu. Queen anatunga woyamba. Benwell anatsika, anayeza mpeni. Chala chija chinali chikukwanabe, movutikira. Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Koma mawa lake kunabwera a mudzi wa kutsidya, kumene Clever anakwatira.

“A Soko, mwakumbira kwa akazi anu okha? Ife si anthu?”

Kenako aphunzitsi a pasukulu. Kenako akulu a mpingo umene unapereka dizilo. Aliyense ankanena chinthu chimodzi: mwayamba kale, dzenje limodzi lokha lisintha chiyani? Ena ankadzera kwa a Esnati, ndipo a Esnati ankatuma Delia. Benwell anakumba masiku naini, zitsime seveni.

Pansi pa mchenga wa Msandile pali nsangalabwi, ndipo madzi amakhala pansi pa nsangalabwizo. Tsiku lachinayi Benwell analeka kuyeza, chifukwa panalibenso choyeza. Tsiku lachisanu ndi chiwiri mitu ya mabawuti inali itasalala, ikuwala ngati ndalama yatsopano. Tsiku lotsatira mabawuti atatu anaduka, mpeni unapindika, kenako unathothoka ndi kugwera m'dzenje. Pamwamba panali amayi oposa sate ndi ndowa zawo, ndipo mchenga pansipo unali utayamba kuda ndi chinyezi. Anapitiriza ndi mlomo wopanda mpeni.

Tsiku lachinaini baketi inaluma mwala. Phokoso lake silinali lalikulu. Benwell anazimitsa makina ndi kutsika. Mng'alu unali utayenda kuchokera bowo lina kupita lina, mabowo anayi, ndipo mlomo wonse unali utapyapyala ngati khasu lakale.

Anayendetsa makinawo kubwerera pansi pa msikidzi. Madzulo Delia anamupeza atakhala pa tcheni chimene makinawo amayendera, mbale ili pambali osaikhudza.

“Atate ake Purity, simukudya?”

“Baketi yang'ambika.”

“Sangaiwotcherere ku Mfuwe?”

“Angamate mng'alu. Mabowo adyeka. Mpeni watsopano ulibe pogwira.”

Delia anatola mbale ija ndi kulowa nayo m'nyumba.

A Daka anafika Lachisanu la sabata yotsatira, mpeni watsopano uli kumbuyo kwa lole, utoto wake wachikasu usanakandike. Anatsika akumwetulira.

“Mwaswera bwanji, a Soko? Tengani sipanala timange, lero lomwe.”

Benwell sanasunthe. A Daka anamuyang'ana, kenako anapita kutsogolo kwa makina. Anagwada, analowetsa chala mumng'alu muja, anachiyendetsa mpaka kumapeto.

“Masiku angati?”

“Naini, bwana.”

“Foni yako inafa?”

“Ayi.”

“Nanga?”

“Mukanakana.”

“Inde ndikanakana.” Anaimirira ndi kupukuta chala pabuluku. “Ntchito ya damu ndinasaina kale, iyamba pa wani Novembala. Ndikakumba ndi chiyani, supuni?”

Anthu anali atasonkhana chapatali. Clever anasendera, chipewa chili m'manja.

“Bwana, alamu angawa apulumutsa midzi inayi.”

“Midzi inayiyo ili ndi baketi?”

Clever anabwerera kumene anachokera. A Esnati sanatuluke m'nyumba.

A Daka sanakalipe. Anati, “Bola ukanaba dizilo, Soko. Dizilo ndimagula tsiku lomwelo. Iwe ndi amene unandiphunzitsa za zala zitatu zija.” Anatambasula dzanja. Benwell anatulutsa kiyi m'thumba ndi kuwapatsa.

Lolemba kunabwera lole yaikulu kudzanyamula makinawo. Akuti anakhala miyezi inayi ku Chipata osagwira ntchito, ndipo damu anakumba ena. Tsopano akuyendetsa munthu wina.

Sabata yomweyo a Esnati anatuma Delia ndi tambala woti aphikire amuna ake. Benwell anadya. Kukana tambala wa apongozi nakonso sikutheka. Mu Disembala mvula inagwa, Msandile anasefukira, ndipo zitsime zonse seveni zinakwiririka ndi mchenga tsiku limodzi. Mjigo anadzaukonza mu Januwale.

Benwell ali ndi zaka fifite-thu. Anaganizapo zobwerera ku Katete, koma kumeneko munda wake anagawana kale ana a alongo ake, ndipo ana ake sangachoke pamudzi pa mayi wawo. Anayamba kufunafuna ntchito. Oyendetsa ekisikaveta m'chigawo chino ndi ochepa ndipo amadziwana, eni makina nawonso amadziwana. Kulikonse kumene ankafika, nkhani inali itafika kale. Ena ankati abwerenso mwezi wamawa. Ena ankati akufuna munthu wa pepala la sukulu. Poyembekezera anagula fosholo, ndipo anayamba kupakira mchenga m'malole pamtsinje wa Lupande pamodzi ndi anthu a msinkhu wa ana ake. Lole imodzi imatenga ola ndi theka anthu anayi. Ndi makina ankaidzaza mphindi faivi. Msana unayamba kumuvuta mwezi wachiwiri.

Mu Meyi anamva kuti cha kubwalo la ndege kwabwera kampani yokonza ngalande za mumsewu, ndipo dalaivala wawo wadwala. Anavala malaya oyera, anapalasa njinga kuchokera ku Nsefu. Folomani anali munthu wachikulire amene anagwira naye ntchito pamsewu wa tala uja. Anamulola kukwera. Benwell anakumba ngalande ya mamita twente, yowongoka, pansi pake posalala ngati pozira. Folomaniyo anayenda m'mbali mwake mpaka kumapeto ndi kubwerera.

“Dzanja lanu ndi lomwe lija, a Soko. Palibe angatsutse.”

“Zikomo.”

“Koma makinawa Loweruka ndi Sande amagona kumene dalaivala wawaimika. Apongozi anu akali moyo?”

“Ali moyo.”

“Ndiye pepani.”

Benwell anatsika, anakwera njinga yake. Sanapitenso kukafunsa kwina.