Pasipoti ya Mayi wa ku Rasha

Ku Rasha ndinabwerako ndi jekete lolemera, dzino limodzi losweka ndi chiyankhulo. Digiri ya zaziweto imene ndinapitira ndinaisiya komweko, pa zifukwa zimene mpaka lero ndimafotokoza mosiyanasiyana malinga ndi amene wandifunsa. Kumudzi ndinachita manyazi kubwerera, choncho ndinatsikira ku Dar es Salaam kwa achemwali anga, amene anakwatiwa ku Buguruni ndi dalaivala wa malole opita ku Malawi. Ndinawauza kuti ndikhala mwezi umodzi. Pamene izi zinkachitika n'kuti ndatha zaka zisanu ndi zinayi, ndikugulitsa machaja ndi makava a foni pathebulo pafupi ndi siteji ya maminibasi otchedwa madaladala.

Chirasha changa chinalibe ntchito mumzinda uno, koma alamu anga ankachinyadira kuposa ine mwini wake. Kuyambira kudoko mpaka kumalire a Songwe, aliyense womwa nawo tiyi ankamva kuti kunyumba kwawo kuli munthu wolankhula ngati anabadwira mu chisanu. Tsiku lina masana anafika pathebulo langa akupuma mwawefuwefu.

"Alamu, longedzani izi. Valani nsapato zotseka. Ntchito yapezeka."

"Ntchito yanji?"

"Ya pakamwa. Ija munapitira kusukulu."

Bwana wa ntchitoyo anali wamalonda a nyama ku Vingunguti, dera lina la mumzindawu. Ankagula ng'ombe zosenda kale kumalo ophera n'kumagulitsa m'mahotela a m'tauni, ndipo alamu anga nthawi zina ankamunyamulira katundu. Anali atamanga chipinda chachikulu choziziritsira nyama, makina ake ataitanitsa ku Rasha. Ogulitsa makinawo anatumiza injiniya woti adzawalumikize. Bwanayo anakonzekera kulandira bambo wamimba, mpaka anagula botolo la mowa waukali. Kubwalo la ndege kunatsika mayi wamfupi wa imvi zometa, wa zaka ngati makumi asanu ndi zisanu, atanyamula bokosi la zipangizo ndi fulasiki ya tiyi. Chingerezi chake chinali choti angagulire madzi basi.

Bwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zotseka, n'kundipatsa lamulo limodzi m'Chiswahili. "Chilichonse chotuluka pakamwa panga, umasulire. Usasankhe. Sindikulipira kuti uziganiza."

Akakhala ndi antchito ake, munthuyu ankalankhula Chiswahili chabwinobwino, koma akangoona khungu loyera ankasamukira ku Chingerezi. Ndipo Chingerezi chake chinaima pa mizati iwiri, mawu oti "keep" ndi "hold". Ankawaika paliponse ngati mchere. Anatambasula manja, n'kuyamba kulandira mlendo: "Tell madam we shall keep her very well."

Ife Achewa sitivutika ndi mawu amenewa. Timasunga chimanga, timasunga mlendo, timasunga chinsinsi, timasunga mkazi, timasunganso chakukhosi, zonsezo ndi mawu amodzi, ndipo palibe amasokonezeka. Arasha anawagawa ngati nyama ya pamaliro. Kusunga chinthu m'bokosi kapena m'firiji amati khranit. Kugwira chinthu m'manja, kapena kukhala ndi mbuzi pachingwe, amati derzhat. Palinso soderzhat, ndi ena ambiri amene anali atagona m'mutu mwanga zaka zonsezi. Ndinasankha soderzhat chifukwa anali aatali ndipo ankamveka ophunzira. Chimene ndinaiwala n'chakuti mawuwa amawagwiritsa ntchito ponena za akaidi, komanso za mkazi amene bambo wolemera wamuchitira lendi nyumba kuseri kwa banja.

Mayi uja anaika bokosi lake pansi. Anayang'ana bwana, anayang'ana mphete zake zitatu, kenako anayang'ana ine.

"Muwauze kuti ndili ndi mwamuna kwathu," anatero, "ndipo ndine ndimamusunga iyeyo."

"Akuti chiyani?" bwana anafunsa akumwetulira.

"Akuti zikomo kwambiri, bwana."

Mawa lake m'daladala ndinatsegula dikishonale yanga yakale, imene mphemvu za ku Buguruni zinali zitadya kuyambira zilembo zoyamba mpaka pakati. Nditapeza chimene ndinanena dzulo lake, thukuta linandituluka ngakhale ndinakhala pawindo. Nditafika ndinapita kukapepesa. Mayiyo sanaseke. Anangoti Chirasha changa n'cha kuhositelo ndi kumsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kundikonza mawu aliwonse ngati mwana wa sitandade wani, uku akumanga mabawuti.

Bwana anali ndi maganizo ena. Anafuna kuti zikwangwani zonse za pamakoma zilembedwe m'Chingerezi ndi m'Chirasha. Ndinamukumbutsa kuti mayiyo akachoka, wodziwa kuwerenga Chirasha ku Vingunguti konse ndikhala ine ndekha. Anati ndicho chifukwa chake: anthu a m'mahotela akabwera kudzaona malo, aziona zilembo zachilendo n'kudziwa kuti pano si pamasewera. Anandipatsa mndandanda: "Keep out", "Keep clean", "Keep door closed", "Keep left". Ndinakhala pakreti tsiku lonse kufunafuna mawu amodzi a Chirasha okwana monsemo. Madzulo ndinaonetsa mayi uja pepala langa. Anatenga pensulo yake ya kalipentala n'kukhwatcha mzere uliwonse.

"Apa mwalemba kuti munthu asunge kunja m'bokosi. Apa mwati agwire ukhondo m'manja. Kwathu sitinyengerera chitseko. Timalemba kuti osalowa. Timalemba kuti tsekani."

Bwana ataona kuti Chirasha chatuluka chachifupi kuposa Chingerezi, anandikayikira kuti ndaba mawu ena. Analamula wolemba zikwangwani kuti akulitse zilembo kuti mizere ifanane kutalika.

Sabata yachiwiri kunachitika za paipi. Mayi uja anali pamwamba pa makwerero, atanyamula paipi yamkuwa pamwamba pa mutu, akufuna kuilowetsa m'malo mwake. Bwana anaima pansi, manja kumbuyo, kuyang'anira ntchito imene sankaidziwa. Foni yake inalira. Anayankha, wina n'kumuitana panja, ndiye anauza wa pafoniyo mokweza kuti, "Hold on!" Ine, pokumbukira kuti sindilipidwa kuti ndiziganiza, ndinakuwa m'Chirasha kuti, "Gwirani pomwepo!" Mayiyo anaganiza kuti pansi paoneka vuto. Anauma ngati chipilala, manja m'mwamba, paipi ili pamutu, m'chipinda cha malata chimene makina ake anali asanayambe kuziziritsa. Bwana anatuluka ndi foni yake, nakakambirana za mtengo wa zikopa. Patapita nthawi ndithu mayi anafunsa, mano atalumana, kuti agwire mpaka liti. Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Anatsika pang'onopang'ono, ovolosi itanyowa yonse, n'kundiuza mawu angapo amene mu dikishonale mulibe, koma ndinawamva onse chifukwa ndi a kuhositelo ndi kumsika.

Chodabwitsa n'chakuti kuchokera tsiku limenelo anayamba kundigawira tiyi wa m'fulasiki yake. Anandiuza za mwamuna wake amene anapuma ntchito ya sitima ndipo amalima nkhaka, ine ndinamuuza za mayeso amene ndinalephera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafotokoza mmene zinalilidi.

Lachisanu la sabata imeneyo linali tsiku loyatsa makina. Bwana anaitana oyang'anira mahotela kuti abwere madzulo, ndipo pofuna kuti asapeze chipinda chopanda kanthu, anaitanitsa nyama ya ng'ombe makumi awiri. Alamu anga ndi amene anaibweretsa cham'ma leveni, dzuwa likuswa mtengo. Anaimika lole pakhomo n'kutsegula kumbuyo.

Mayi uja anayatsa makina, anamvetsera kulira kwake, anagwedeza mutu, n'kuzimitsanso. Kenako anapukuta manja nati ndifunse za pasipoti yake. Bwana anali ataitenga tsiku loyamba lija ponena kuti akufuna kuchita fotokope, ndipo sinabwerere. Mayiyo ankafuna kukwera boti la ku Zanzibar Loweruka asananyamuke kubwerera kwawo Lamulungu.

Bwana anamwetulira. "Tell madam we are just keeping it safe. One month only, until we see the machine is behaving." Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza m'Chiswahili kuti, "Unene mofewa."

Mawu ofewa ndinali nawo. Ndikananena khranit, zikanamveka ngati pasipotiyo yagona bwino m'sefa kuopa akuba. Koma panalinso uderzhat, kukaniza munthu chinthu chake. Ndikanakonda kunena kuti ndinasankha chifukwa cha kulimba mtima. Zoona zake n'zakuti mayi uja anali atandikonza masabata awiri athunthu, ndipo ndinkaopa pensulo yake kuposa mphete za bwana. Ndinanena mawu achiwiriwo, n'kuwonjezera za mwezi umodzi.

Mayiyo sanakalipe. Analowa m'chipinda muja, anatsegula kabokosi ka mawaya, anamasula kachipangizo kobiriwira kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kukaika m'thumba la pachifuwa, natseka batani.

"Muwauze kuti ndikuwasungira," anatero. "Munene ndi mawu awo omwe aja."

Ndinamasulira m'Chingerezi mosamala kwambiri, "safe" ndi "one month only" osasiya. Bwana anathamangira kukadina batani loyatsira. Makina anangoti zii. Anadinanso ndi chala china.

"Hold her!" anakuwira alonda ake awiri.

Ndinamasuliranso zimenezo m'Chirasha, poti lamulo linali lisanasinthe. Mayi anatola sipanala yaikulu, osati moopseza, anangoinyamula ngati akufuna kuipukuta. Alonda anayang'ana sipanala, anayang'anana, mmodzi n'kukumbukira kuti geti lasiyidwa lopanda munthu. Mnzake anapita kukamuthandiza.

Mayi anakhala pakreti mumthunzi n'kutsegula fulasiki. Bwana analowa mu ofesi n'kumenyetsa chitseko. Nyama inatsala m'lole.

Alamu anga anandikokera pambali. "Alamu, mwawauza chiyani amayiwa?"

"Zimene anena abwana."

"Zonse?"

"Zonse."

"Inu, pa ntchito sanena zonse. Taonani ntchentche izi."

Ntchentche za ku Vingunguti sizichedwa kumva uthenga. Pofika wani koloko zinali zitaitana abale awo a ku Buguruni. Madzi ofiira anayamba kudontha kumbuyo kwa lole, agalu awiri anakhala pansi pafupi ngati odikira basi. Bwana anatuluka kawiri. Ulendo woyamba ananena kuti aitana apolisi. Nditamasulira, mayi anati zingakhale bwino kwambiri, ndipo awauze abwere ndi munthu wodziwa kutsegula sefa. Ulendo wachiwiri anabwera ndi botolo lija anagulira injiniya wamwamuna, nati tonse ndife anthu amodzi. Mayi anayamika n'kunena kuti samwa pa ntchito.

Itakwana thuu koloko mphepo inatembenuka n'kulowetsa fungo mu ofesi. Bwana anatuluka ndi pasipoti m'manja.

Apa panabuka vuto lina: woyamba kupereka ndani? Bwana anatambasula dzanja koma zala zinakana kutseguka. Mayi anatulutsa kachipangizo kaja, nakagwira chimodzimodzi. Anaima choncho maso ndi maso, mpaka bwana anatembenukira kwa ine.

"You. Hold this."

Mayi nayenso anandipatsa kake. Kwa kanthawi kochepa ine, wogulitsa makava a foni, ndinali ndi pasipoti ya dziko la Rasha kudzanja lamanja ndi mtima wa fakitale yonse kudzanja lamanzere, anthu onse akundiyang'ana. Ndinapingasa manja n'kupatsa aliyense chake. Mayi anatsegula pasipoti, anawerenga masamba ake onse mosafulumira, kenako anatenga kachipangizo m'manja mwa bwana, poti iye sankadziwa kumene kamalowa, n'kukabwezera. Makina analira. Antchito anayamba kututa nyama akuthamanga.

Ng'ombe za pakati pa lole zinapulumuka. Za kukhomo zinali zitasintha mtundu, ndipo bwana anazigulitsa motchipa kwa ootcha nyama a m'mbali mwa msewu, amene anathira tsabola wambiri sabata imeneyo. A m'mahotela atafika madzulo anapeza chipinda chozizira bwino, anajambula zikwangwani za Chirasha ndi mafoni awo, ndipo bwana anawafotokozera kuti iye ndi injiniya wake agwira ntchito ngati banja limodzi. Zimenezo sanandiuze kuti ndimasulire. Anali atandiuza kale pageti kuti Lolemba ndisabwere, chifukwa womasulira wabwino amayenera kudziwa mbali imene akudyera.

Loweruka m'mawa ndinaperekeza mayi uja kokwerera boti. Anandigwira chanza mwamphamvu mpaka zala zinalira, nandiuza kuti ndibwerere kusukulu ndikamalize, poti mutu ndili nawo koma ndimaubwereketsa kwa anthu olakwika. Ndinalonjeza kuti ndiganizira. Anakwera osacheuka, bokosi la zipangizo lili m'manja, chifukwa anakana kulisiya kuhotela.

Kunyumba alamu anabwera ndi mwendo wa ng'ombe umene bwana anawapatsa m'malo mwa kupepesa. Achemwali anaununkhiza kamodzi n'kuwauza kuti aubweze kumene autenga, kapena akagone nawo m'lole.

Lolemba ndinanyamula machaja anga kubwerera kusiteji. Mnzanga wogulitsa masokosi, amene ndinamupempha kuti andiyang'anire malo, anali ataikapo mlamu wake wogulitsa malamba. Mnzangayo anandilandira ndi manja awiri, nandiuza kuti ndisade nkhawa, malowo ndi anga ndithu. Zinanditengera masabata atatu ndi kulowererapo kwa achemwali kuti malamba achoke.