Khoma la Aphunzitsi a Zovina

Mayi okalamba oyandikana nafe amaphunzitsa ana kuvina, koma sayamba ndi nyimbo. Amayamba ndi khoma la kuseri kwa nyumba yawo ya lendi. Ana amalikankha mpaka miyendo kunjenjemera.

"Wamva mmene thupi lalimbiramo? Tsopano siya khomalo, koma mphamvuyo usaitaye!"

Ukavina molobodoka amakufunsa kuti, "Kodi mafupa wasiya kunyumba?"

Ifenso tinakulira pakhoma lomwelo, ndipo tizikhatho tathu takuda tikadalipo.

Chaka chatha mwininyumba anabwera ndi penti kuti apake khomalo. Mayiwo anataya ndodo yawo n'kuima kutsogolo kwa khomalo, phazi lina kumbuyo, msana uli njo, monga ankatiphunzitsira.

"Bambo, yambani mwandisuntha ine."

Mwininyumbayo anangopenta chitseko n'kumapita.