Tsiku Limene Malume Anauma pa Mpando ku Simonga

Mkazi wanga ndinamupeza chifukwa cha netiweki yoipa. Ndikanena zimenezi anthu amaseka, koma thukuta la tsikulo ndine ndinalikha.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, makamaka mvuu ndi njovu zosema. Mtsikana amene ndinkamufuna anali wa ku Simonga, mwana wa bambo wina wachitonga amene anapuma ntchito ku njanji. Bamboyo anali atalengeza kale kuti mwana wake sangakwatiwe ndi munthu wothamangira azungu mvuu yamtengo ili m'manja. Ananena kutchalitchi, ananena kuchigayo, moti ngakhale ana ankadziwa.

Kwathu mwamuna sadzifunsira yekha mbeta. Amakulankhulira ndi malume ako, ndipo anga anali ku Chipata, mwendo uli m'chikhakha atagwa pa njinga. Mwamwayi chaka chomwecho anali ataimika nsanja ya netiweki kufupi ndi Simonga, ndipo anthu kumeneko anali atayamba kuonana ndi abale awo akutali pa foni. Ndinatumiza uthenga kwa akuchikazi kufunsa ngati malume angabwere pa vidiyo. Yankho linali loti abwere, koma alandiridwa ngati munthu, osati ngati foni.

Sankaseka. Nditafika kuchokera ku Dambwa North kumene ndinkakhala, ndinapeza atakonza mpando wabwino koposa pansi pa mtengo wa mango. Anayalapo kansalu, n'kutsamiritsa foni yanga pamenepo, kapu ya chibwantu, thobwa la kumeneko, patsogolo pake. Ine anandipatsa kachitsa pambali. Azakhali a mtsikanayo anandinong'oneza kuti, "Iwe lelo ulibe kamwa. Bakulu bakamba, iwe uyangana pansi."

Malume anaonekera ali pakhonde pawo atavala jekete ndi tayi, nkhuku zikuyendayenda kumbuyo kwawo. Malonje anayenda bwino. Anafunsana za mvula ndi za mwendo. Atauzidwa kuti amwe chibwantu, malume anathokoza n'kumwa madzi awo ku Chipata komweko, ndipo onse anakhutira.

Kenako bambo a mtsikanayo anakonza kukhosi.

"Ba malume, tisazungulile. Uyu mwana wanu nchito yake ni yabwanji? Mwana wanga azadya mvuu yamutengo?"

Malume anakweza chala, anatsegula pakamwa, maso ali tong'o, n'kuuma pomwepo.

Ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti netiweki yathawa. Koma ndinalibe pakamwa. Ndipo ngakhale ndikanakhala napo, ndani angadzuke pakati pa akulu n'kukagogoda nkhope ya malume ake ndi chala? Ndinangokhala, ndikutukwana chamumtima nsanjayo ndi onse amene anaimanga. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinaona mkazi akundipulumuka ine ndili duu pa chitsa.

"Balekeni baganize," anatero bambowo.

Tinadikira. Ntchentche inatera pamphuno pa malume, iwo osagwedezeka. Azakhali aja anayandikira chogwada n'kuithamangitsa ndi nsonga ya chitenje. Mthunzi utasuntha, amuna awiri ananyamula mpando pamodzi ndi malume n'kuwasunthira pozizira, akupepesa. Chala chinali chikadali m'mwamba.

Bambo aja anayamba kusakhazikika.

"Sininakambe kuti ni nchito yoipa, iyayi," anatero.

Malume osaphethira.

"Naine ku njanji ninayamba na kusesa chabe."

Malume chete, pakamwa pali yasa.

"Chabwino, munyamata samwa moba. Icho nachimvela."

Apa bambowo anatembenukira kukhitchini. Nanenso ndinaba kuyang'ana, ndipo ndinaona mtsikana uja atasuzumira pakhomo, maso ali psu ndi kulira. Bambo ake anamuyang'ana kanthawi, kenako anapumira m'mwamba n'kumenya manja pamaondo.

"Ah, ba malume, mwanilemesa. Mutengeni. Koma akamuvutisa, nizabwela ku Chipata na mendo."

Azimayi anaimba nthungululu mpaka mbuzi zinabalalika. Pakati pa phokosolo foni inatsitsimuka. "Halo? Halo? Mukundimva kodi? Ndiyambirenso?"

"Iyayi, ba malume," anayankha bambowo. "Mwakamba kale vonse."

Kuyambira tsikulo malume ankadzitama kuti anagonjetsa Atonga ndi mawu okha. Anali atalankhuladi, nthawi yaitali, mfundo pamwamba pa mfundo, koma amene anamva ndi nkhuku zawo.

Malume anamwalira chaka chatha. Apongozi anga, bambo omwe aja, anaumirira kuti apite nafe kumaliro ku Chipata, ngakhale miyendo yayamba kuwavuta. Aka kanali koyamba kuwaona malume maso ndi maso. Anaima nthawi yaitali pa bokosi, kenako anabwera kudzakhala pafupi nane pamthunzi, chinthu chimene sanachitepo.

"Ba mpongozi," anatero chapansipansi, "muganiza sininaone? Nkhuku yamene inali kumbuyo kwao inaimilila mwendo umozi mumwamba nthawi yonse ija. Nkhuku siganiza so."

 Ndinawafunsa kuti nanga anavomereranji.

Anayang'ana mwana wawo, amene ankagawira anthu madzi mdzukulu wawo ali kumbuyo.

"Ninali nakamba maningi pa bantu," anatero. "Nenze kufuna chabe muntu mukulu wonigonjesa."

Atatero anadzuka movutikira, n'kupempha kuti awalole kunyamulako bokosi, ngakhale pang'ono pokha.