Chigongono cha Bambo ndi Galasi la Pamasitepe

Bambo anga ndi mmisiri woika magalasi m'mazenera, ndipo lamulo lawo pantchito ndi limodzi basi: galasi likapulumuka m'manja, osaliwakha. "Lisiye ligwe, iwe lumpha." Ine mwana wawo wamkazi, amene ndimagwira nawo ntchito, mawu amenewa anandikwana kalekale.

Nyamakazi inadya chigongono chawo chakumanja mpaka madokotala anachichotsa n'kuikapo chachitsulo, chopindika ngati hinjesi ya chitseko. Dokotala anafotokoza ine ndili pomwepo kuti chitsulocho anachimata ndi simenti mkati mwa fupa, ndipo katundu wolemera amachigwedeza mpaka kukhwefuka.

"Chonyamula chisapose ketulo ya madzi," anatero. "Fupa lanu ndi lopyapyala, bambo. Chikazuka ichi, poika china palibe."

"Ndiye ndizingoloza ndi chala ngati wapolisi wa pamsewu?" anafunsa bambo.

Ankalozadi. Koma makani ake, mayo ine! Ndikangotembenuka, ndiwapeze agwira hamala. Ndinkabisa zida ngati ndikulera mwana.

Tsiku lina tinkakweza galasi lalikulu la khonde pamasitepe opapatiza a nyumba yosanja. Mlamu wanga anagwira kumwamba, akuyenda chambuyo, ine kumunsi. Bambo anali pakati, atatsamira khoma, pensulo kukhutu, akutilondolera.

"Pendeketsa pang'ono. Iwe, pang'ono ndati!"

Mlamu anaponda mchenga, n'kuterereka mpaka kugwa. Ndinangoona manja ake ali mbee, opanda kanthu, galasi likubwera pakhosi panga. Kulumphira kuti? Uku khoma, uku zitsulo. Ndinatsinzina.

Silinafike. Nditatsegula maso, bambo anali atalikumbatira ndi manja onse awiri, mano ali gwa. Mlamu anadzuka, tinalitsitsa pansi bwinobwino, lopanda ngakhale mng'alu.

Ndinakwiya koopsa, misozi ili chuchuchu.

"Si inu mumati osawakha? Si inu, bambo?"

"Ndimati lisiye ligwe," anayankha akupuma mwawefuwefu. "Sindinanenepo kuti ligwere mwana wanga. Tatiyeni, zenera likudikira."

Anakweza dzanja kuti atenge pensulo ija. Linafika pachifuwa, m'chigongono munamveka kuti khe, n'kuima pomwepo. Anayesanso. Linakana.

Bambo anayang'ana dzanjalo kanthawi, kenako anapendeketsa mutu kwa ine.

"Tenga pensuloyi, mwana wanga. Uzilemba ndiwe."